Zithunzi za pa Mlatho wa Madzi ku Hanwell

Mwamuna wanga anandiimbira foni Lachitatu masana, ine ndili m'chipinda chochapira kuntchito, ndikupinda matawulo a nkhalamba zomwe ndimasamalira. Apa n'kuti patatha miyezi isanu ndi itatu chichokereni iye pakhomo. Anachoka ndi chikwama chimodzi, ati akakhale kufupi ndi ntchito ku Tottenham chifukwa mabasi a ku Ilford amamuchedwetsa. Mabasi omwewo ine ankandifikitsa pa nthawi yake tsiku ndi tsiku, koma sindinalimbane naye. Pasanathe mwezi, amayi a kutchalitchi anali atandiuza kale kuti ntchito imene anaisamukirayo ndi yotani: mkazi wa ku Lusaka, woimba kwaya, wa mawu okoma ndithu, pamenepo sindingamunamizire.

Kuno ku London ndinayamba kubwera ndine. Ndinagwira ntchito chaka ndi theka ndili ndekha, kusambitsa ndi kudyetsa makolo a eni ake, mpaka zinatheka kuti ndiitanitse iye ndi mwana wathu wamkazi. Mapepala ake okhalira m'dziko muno anali omangiriridwa pa anga. Analowa monga mwamuna wanga, osati mwa njira ina iliyonse. Ndinachita kumubereka kuchoka ku Blantyre, ndipo atangoponda pansi anazindikira kuti miyendo ali nayo.

Ndinene poyera, pakuti anthu ambiri ndinawabisira: ndinkafuna abwerere. Pamaso pa anzanga ndinkalankhula zamphamvu, ati mwamuna wotere ndimutani ine, apite, nyumba yapepuka. Koma foni ikalira ndinkaithamangira. Mbali yake ya kabati sindinaikemo kanthu miyezi yonseyo, chikhalirecho nyumba yathu ndi yothina, moti nsapato za mwana timasunga pansi pa bedi.

"Mayi, Loweruka muli pa off?" anatero pafonipo.

"Mukufunsiranji?"

"Ndimati tikayendeko. Awiriwiri. Pali malo ena ake ku Hanwell, kuli mlatho woti madzi amadutsa pamwamba, ndiye chapafupi pali ka waterfall. Mwana mumusiye kwa anzanu aja."

Ndinasiya kupinda tawulo. Zaka khumi ndi chimodzi za ukwati, munthu ameneyu sanandiuzepo kuti tiyeni tikaone malo. Kwathu ku Mulanje anapitako kambirimbiri, koma phiri lonse lija sanalitukulirepo maso, ankangofunsa kuti minibasi yobwerera inyamuka nthawi yanji.

"Diresi ija ya pa chinkhoswe mukadali nayo?" anafunsanso.

"Ilipo."

"Muvale imeneyo. Ine ndivala shati yake. Mutengenso juzi, chijasi chachikulu chija ndi sikafu. Nyengo ya kuno mukuidziwa."

Pamenepo ndi pamene ndinagwera m'mbuna. Nsaluyo tinakagula limodzi ku Limbe, yobiriwira, ya nkhanga zachikasu, ndipo telala anadula diresi yanga ndi shati yake pa nsalu imodzi. Tinavala pa chinkhoswe, tinavalanso tsiku lobatizitsa mwana, kenako zinalowa m'sutikesi. Mwamuna sauza mkazi wake kuti tivale zofanana ngati alibe mawu oti anene. Za juzi ndi chijasi ndinazitenga ngati chisamaliro. Mumtima ndinati, taonani, wayambanso kuopa kuti ndizizidwa.

Kuti viza yathu itha pakapita miyezi iwiri ndinkadziwa bwino. Tsikulo ndinalilemba pa kalendala ya kukhitchini ndi cholembera chofiira. Ganizo loti ulendowu ungakhudzane ndi zimenezo linandifikira ndithu, ndikupinda tawulo lotsatira, koma ndinalithamangitsa. Munthu ukafuna kupusa umapusa mwakhama.

Diresi ija sinandikwane. Masikono a tiyi a kuntchito anali atachita zake. Lachisanu masana ndinakhala pampando ndi lezala, ndinaphwasula msoko wa m'mbali zonse ziwiri, n'kusokanso ndi manja kumapeto kwenikweni kwa nsalu. Tsitsi ndinakalukitsa kwa mnzanga wa ku Zomba, amene anandifunsa katatu kuti kuli ukwati wa ndani. Loweruka m'mawa mwana ndiye anandikokera zipi kumbuyo. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Anandiuza kuti ndibanike mpweya, zipi inakwera, ndipo anandiyang'anitsitsa pagalasi. Ndinamusiya kwa mnzanga uja n'kukakwera sitima.

Sitima yochoka ku Ilford imafika ku Hanwell osasintha, imangoboola mzinda wonse pansi n'kukatulukira kumadzulo. Ulendo wonsewo ndinkakonza mawu. Ndinagamula kuti sindivomera msanga. Ayambe wapepesa, ndipo apepese ndi pakamwa, osati kungobwera ndi nkhuku ya m'shopu ngati mmene ankachitira kale tikayambana. Aimbire ankhoswe kumudzi awauze yekha zimene anachita. Tchalitchi cha ku Tottenham, kumene amaimba mkazi uja, achisiye. Ndinkabwereza zimenezi ndikudziyang'ana pa zenera la sitima, nkhope nditaumitsa, koma mtima unali utavomera kale tisanafike ndi ku Stratford komwe.

Ndinamupeza ataima panja pa siteshoni, chikwama chakumsana chili paphewa, shati ya nkhanga itasitidwa mpaka mizere ya m'manja kuima. Anali atanenepa. Zimenezo zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera, chifukwa miyezi yonseyo ndinkadzitonthoza kuti kumeneko akuvutika ndi njala.

"Mwatchena, mayi," anatero.

"Ndi diresi yakale."

Tinayenda wapansi. Unali mwezi wa Epulo, dzuwa likuwala koma lopanda moto, kamphepo kakulowa m'miyendo. Anthu ankatiyang'ana, ena n'kumwetulira, poona anthu awiri akuluakulu atavala nkhanga zofanana m'misewu ya njerwa zofiira. Sindinachite manyazi. Ndinkafuna aliyense aone.

Mlathowo ndi chinthu chodabwitsa, ngakhale lero ndimauda. Pali njira zitatu zosanjikizana pamalo amodzi. Pamwamba penipeni pamadutsa msewu wa magalimoto. Pansi penipeni, m'chigwa chokumba, muli njanji ya sitima. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pamadutsa ngalande ya mabwato, madzi ake atagonekedwa m'chimphika chachitali chachitsulo, ngati chomwera ng'ombe. Ukaima m'mbali mwa ngalandeyo, galimoto imakugundira pamutu, madzi ali phee pa mapazi ako, ndipo ukasuzumira pa chitsulo chotchinga umaona njanji ili pansi, yomera udzu m'mbali. Kwathu mlatho umadutsa pamwamba pa madzi. Apa madzi ndiwo anawamangira mlatho kuti awoloke.

Iye anawerenga chikwangwani chofotokoza mbiri ya malowo mokweza, ngati mphunzitsi. Ati anamanga kalekale, nthawi imene mabwato onyamula malasha ndi njerwa ankakokedwa ndi akavalo oyenda m'kanjira kamene tinaimamo. Anandionetsa mikwingwirima pa chitsulo cha pakona, pamene zingwe zokokera mabwato zinadya kwa zaka zambiri. Ndinaikamo chala. Chitsulo chinali chozizira, mikwingwirimayo yosalala. Ndinkamvetsera ndi mtima wonse, osati chifukwa cha akavalo, koma chifukwa ankalankhula ndi ine mawu opitirira asanu.

Bwato lina lalitali, lopyapyala, lopentedwa zofiira linatulukira pansi pa msewu n'kulowa m'chimphika chachitsulo chija pang'onopang'ono. Pamwamba pake panali miphika ya maluwa ndi njinga. Woyendetsa, bambo wa ndevu zoyera, anatikwezera kapu ya tiyi.

"Tiyeni tijambule apa," anatero mwamuna wanga. Anatulutsa foni, n'kutulutsanso kandodo kojambulira m'chikwama. Kandodo kameneko sindinkamudziwa nako.

Tinajambula titayang'ana kutsogolo, bwato lili kumbuyo. Tinajambula titatsamira chitsulo. Anandiuza kuti ndiike mutu paphewa pake, ndinaika. Anati tigwirane manja n'kuwakweza pang'ono kuti mphete zioneke. Mphete yake anali atavala. Ndinaiona kale pa siteshoni paja, ndipo inali imodzi mwa zinthu zimene zinandifewetsa. Chithunzi chilichonse ankachiyang'anitsitsa, kuchikulitsa ndi zala ziwiri, kenako n'kugwedeza mutu. Ine ndinkadikira kuti foni ibwerere m'thumba, mawu ayambe.

Kuchoka pamlathopo ngalande imatsetsereka, ndipo pali zitseko zikuluzikulu zamatabwa zotsekera madzi, zotsatizana, kuti mabwato azitsika pang'onopang'ono ngati pa masitepe. Kumanzere kuli khoma lalitali la njerwa la chipatala china chakale. Tinakhala pa benchi pafupi ndi chitseko chimodzi, iye n'kutulutsa kontena ya chakudya. Munali chikanda, chakudya chokondedwa ku Zambia, chodulidwa bwino tizidutswa tofanana, tsabola ali pakona m'kapepala kake.

Mwamuna wanga sadziwa ndi kukazinga dzira komwe.

"Ndagula pa shopu ina ku Tottenham," anatero asanafunsidwe.

Kontenayo sinali ya pa shopu. Inali ya m'nyumba, chivindikiro chake chosuluka ndi kutsukidwa. Ndinadziwa manja amene anaphika. Ndipo ndinadya. Ndinadya zidutswa ziwiri, ndi tsabola, chifukwa ndinadziuza kuti munthu akamasamuka amadya chakudya chomaliza cha kumene akuchokako, ndipo si bwino kuyambitsa mkangano tsiku lokonza zinthu. Chinali chokoma. Mpaka lero ndikaona chikanda pa maphwando a anzathu a ku Zambia, ndimachilambalala.

Titatha kudya anaimirira n'kunena kuti watuluka thukuta, asinthe shati. Thukuta mu Epulo, ine zala zitachita dzanzi. Anapita kuseri kwa chitsamba, n'kubwerako atavala shati yabuluu ya mabatani, ya nkhanga ija ataipinda bwino m'chikwama.

"Inunso valani juzi, mukuzizidwa. Ndipo tsitsilo mutalimanga kumbuyo bwanji? Zimakukhalani."

Ndinavala juzi. Tsitsi ndinamanga. Anandiimika pa chitseko cha madzi chija, nakonza kuti chithunzi chithere m'chiuno, diresi isaoneke. Pamenepo ganizo lija ndinalithamangitsa kuntchito linabwerera n'kukhala pansi. Ndinamwetulira, iye anajambula, tinapitiriza ulendo.

Mathithi aja ali chakumunsi, ukadutsa pamene mtsinje umakumana ndi ngalande, n'kuyendanso ndithu m'kanjira ka matope pansi pa mitengo. Tinayamba kumva mkokomo tisanawaone. Nditawaona ndinafuna kuseka. Ine wobadwira m'tsinde mwa Mulanje, kumene madzi amagwa kuchokera kumwamba mpaka khosi kuwawa poyang'ana, andiyendetsa mtunda wonsewu mu nsapato zazitali kudzandionetsa khoma la simenti. Madzi a mtsinje amasefukira pakhomapo n'kugwa msinkhu wosafika ndi pachifuwa panga. Pansi pake pali thovu lachikasu, ndipo tsiku limenelo panali mpira wakuphwa ndi mabotolo awiri zikuzungulira pamalo amodzi, kumira n'kuyandamanso. Koma phokoso lokha linalipo lokwanira, moti polankhula umayenera kukweza mawu.

"Apa muvale chijasi ndi sikafu," anatero. "Ndikubwera, ndikataye madzi."

Analowa m'tchire, chikwama anasiya pa mapazi anga. Sindine munthu wopisa m'zikwama za anthu. Ngakhale nthawi imene ankabwera mochedwa, foni ataitembenuza chafufumimba patebulo, sindinaigwirepo. Tsiku limenelo ndinatsegula zipi.

Pamwamba panali shati ya nkhanga. Pansi pake panali jekete yakuda yokhuthala, chipewa chaubweya ndi magolovesi. M'kathumba ka m'mbali munali pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa ndi dzanja lozungulira bwino la munthu wamkazi, Chingerezi chosakaniza ndi Chinyanja cha ku Lusaka. Linali ndi manambala m'mbali. Zovala zitatu zosiyana, kuti zioneke ngati masiku osiyana. Malo atatu osiyana. Kugwirana manja, mphete zioneke. Chimodzi chioneke ngati nyengo yozizira. Pomalizira, atadula mzere kawiri kunsi kwake: osaiwala kuwapempha kalata.

Anandipeza ndili nalo m'manja. Anaima, akumanga lamba.

"Ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

"Mayi, musayambe."

"Ndafunsa kuti ichi n'chiyani."

Anapumira m'mwamba ngati ine ndiye wovuta. "Ndi za visa. Lawyer wanena kuti pakufunika evidence yoti tili limodzi. Ma letter anga ambiri sakubweranso ku Ilford, ndiye akuti zithunzi zingathandize, ndi kalata yochokera kwa inu. Ndimati ndikuuzani tikamaliza."

"Tikamaliza."

"Ndimaopa kuti mukana. Ndipo mukanadziwa, pa zithunzipo simukanaoneka free."

Pamenepo ananena zoona. Pa zithunzi za pamlatho paja ndinaoneka womasuka kwambiri. Palibe wa ku ofesi ya za viza amene angaone nkhope imene ija n'kukayika kuti mkaziyu ali pa ukwati.

"Walemba ndani pepalali?"

"Anangothandiza."

"Nanga za diresi ya pa chinkhoswe, nzeru inali ya ndani?"

Anayang'ana madzi. Ndinabwereza funsolo mokweza, kuti asanamizire phokoso.

"Anaiona shatiyo m'sutikesi, ndiye anafunsa," anatero. "Ndinamuuza kuti pali diresi yake. Ndiye anati zovala za chikhalidwe zimaoneka genuine."

"Anasita ndi iyeyo?"

Yankho ndinali nalo kale. Mizere ija ya m'manja mwamuna wanga sangaiimike. Ndinaona m'maganizo mkazi uja ataima m'nyumba mwake ku Tottenham, simbi ili m'manja, akusita nkhanga zanga mosamala, mwina akuyeserera nyimbo ya Lamlungu. Ine tsiku lomwelo ndili ku Ilford ndi lezala, ndikuphwasula msoko kuti ndikwanemo. Akazi awiri tinagwira ntchito pa nsalu imodzi Lachisanu limenelo, koma mmodzi yekha ndiye ankadziwa kuti ndi ya chiyani.

Ndinamutukwana. Sindilemba pano zimene ndinanena, mwana wanga adzawerenga tsiku lina. Ndinatchula za mayi ake amene ndinawasamalira m'chipatala iye ali ku mpira. Ndinatchula za matewera a nkhalamba amene ndasintha kuti iye akwere ndege. Kontena ya chikanda ndinaitulutsa m'chikwama n'kuiponya m'madzi ndi mphamvu zanga zonse. Inagwera pansi pa khoma lija, n'kuyamba kuzungulira limodzi ndi mpira ndi mabotolo, osamira, osapita. Iye anangoti, "Kontena ya eni ake imeneyo," ndipo ndikanakhala ndi mwala pafupi, bwenzi nkhaniyi ndikulembera kwina.

Mkwiyo utatsika pang'ono ndinakhala pa chitsa chonyowa. Nsapato zinali zitandidya zidendene. Mawu onse aja ndinakonza m'sitima anali adakali m'kamwa, opanda ntchito. Ndinasankha kufunsa funso limodzi lokha, limene ndinadzera, ndipo ndinalifunsa mofatsa kuti asadzanene kuti ndinamuopseza.

"Bambo, kunyumba mubwerera?"

Anakanda kumutu. "Izo tikambirana mapepala akatuluka."

"Ndikufunsa lero."

"Mayi, zinthu zili complicated. Musandipanikize. Tithane kaye ndi izi."

"Ayi kapena inde."

Anayang'ana pansi. Kenako ananena motsitsa, moti ndinachita kuwerenga milomo: "Ndi woyembekezera."

Sindinalire. Ndinavala chijasi chija, osati chifukwa anandiuza, koma chifukwa ndinamva kuzizira. Ndinaganiza za mbali ya kabati yopanda kanthu. Ndinaganiza za mmene ndinkamuikira kumbuyo kwa mayi anga pafoni, kuti ali bwino, ntchito yangomuchulukira. Ukwati wanga unali utatha kalekale, anthu onse a ku Tottenham akudziwa, kwaya yonse ikudziwa, ine ndekha ndiye ndinatsala ndikulukitsa tsitsi.

Mphamvu zonse zinali m'manja mwanga, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Ndikanakana kalata, ndikanangonena zoona kuti munthuyu sakhala nane, mapepala ake akanathera pomwepo. Akanakwera ndege kubwerera ku Blantyre ndi chikwama chake chimodzi, woimba kwaya n'kutsala ndi mimba yake. Ndinalilawa ganizo limenelo, ndipo linali lokoma kuposa chikanda. Komanso kulemba kalatayo kunali kunama kwa boma, ndipo bodza likagwidwa sakanafunsa kuti anayambitsa ndani. Akanandiika pa moto ine ndi mwana yemwe. Zonsezi iye anazidziwa pamene ankandiimbira foni, ndipo anaona kuti ndi bwino.

Koma pali mwana. Pa masabata awiri aliwonse, tsiku Lamlungu, bambo ake amabwera kudzamutenga, ndipo iye amavala nsapato kuyambira m'mawa, n'kukhala pa zenera. Akachedwa ndi theka la ola, mwanayo amangokanda penti ya pa zenerapo ndi chikhadabo. Ndinayesa kuganiza mmene ndingamuuzire kuti bambo ako apita ku Malawi, sabweranso Lamlungu, ndipo wawapitikitsa ndine. Ndinalephera. Mwamuna wanga anaima patali pang'ono, manja m'thumba, osandinyengerera n'komwe. Ankandidziwa. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti sanachite mantha ngakhale pang'ono.

"Kalatayo ndilemba," ndinatero. "Osati chifukwa cha inu."

"Zikomo, mayi. Mulungu akudalitseni."

"Mulungu musamutchule pano."

Anagwedeza mutu. Kenako, popanda manyazi, anayang'ana kumwamba kuona dzuwa, n'kuyang'ana chikwama. Chithunzi cha malo achitatu, cha nyengo yozizira chija, chinali chisanajambulidwe.

"Valani," ndinamuuza. "Mwanyamula kale."

Anavala jekete yakuda, chipewa ndi magolovesi. Ine ndinamanga mabatani a chijasi mpaka m'khosi kuti nkhanga zibisike, n'kukulunga sikafu. Tinaima chofulatira mathithi, anthu awiri a m'nyengo yozizira pakati pa masamba ophukira kumene. Akulimbana ndi kandodo kake, panatulukira mayi wina wachizungu wachikulire, ali ndi kagalu koyera pa chingwe. Anaima n'kufunsa ngati tikufuna atijambule. Mwamuna wanga anamupatsa foni mwachangu.

Mayiyo anabwerera m'mbuyo masitepe angapo, chingwe cha galu atachikoleka pa mkono. Anatiuza kuti tiyandikane. Mwamuna wanga anaika dzanja paphewa panga, mopepuka, zala zokha, ngati wagwira mpando wa m'basi.

"Munthu sagwira mkazi wake choncho," ndinamuuza m'Chichewa, ndikumwetulira kwa mayi uja. "Mukufuna akukanizeni? Vulani magolovesi. Gwirani m'chiuno."

Anavula. Analowetsa dzanja pansi pa mkono wanga n'kundigwira m'chiuno.

"Kokani. Ndi manja onse."

Anandikokera kwa iye. Chifuwa chake chinagunda msana wanga, chibwano chake chinafika pa khutu langa, mpweya wake wofunda unanditsikira m'khosi. Sopo anali wina, wosamudziwa, koma pansi pa sopoyo panali fungo lake lomwe lija. Thupi langa silinamve nawo nkhani yonse imene inakambidwa pamalopo. Linangotsamira. Panali patatha pafupifupi chaka munthu asanandigwire, kupatula nkhalamba zimene zimandikangamira ndikamazidzutsa pa bedi.

Mayi uja anajambula, n'kubwera kudzationetsa. Anati tikuoneka okongola, ndipo anafunsa kuti takhala zaka zingati m'banja. Mwamuna wanga anayankha kuti khumi ndi chimodzi. Ndinatenga foniyo n'kuyang'ana. Chithunzi chinali chabwino. Nkhope zonse zinaoneka, mphete zinaoneka, madzi kumbuyo anatuluka oyera ngati mathithi enieni. Panalibe chokonza.

Ndinamubwezera mayiyo foni n'kumuuza kuti ndinatsinzina, atijambulenso.

Mwamuna wanga anabwerera kumbuyo kwanga n'kundigwira ngati poyamba. Mayiyo anawerenga mpaka katatu, anajambula, anabweretsa. Ndinayang'ana, n'kunena kuti sikafu yanditchinga pakamwa. Kachitatu ndinati galu anakoka chingwe, chithunzi chagwedera. Mayiyo anaseka, n'kubwereranso pamalo pake moleza mtima.

"Mayi, zakwana," anandinong'oneza mwamuna wanga. "Choyamba chija chili bwino."

"Ndikudziwa," ndinatero. "Gwirani."